Buku Lobwereka la ku Kaporo

Tsiku limene anatseka chipatala cha Lettie Mwakalinga linali la msika. Ndikutchula zimenezi chifukwa manyazi a tsiku wamba ndi a tsiku la msika salingana. Galimoto yoyera itaima pakhomo, anthu anasiya nthochi ndi mpunga wawo pansi n'kubwera kudzaonerera. M'galimotomo munatuluka anthu atatu a bungwe loyendera zipatala, ndipo pomwe dzuwa limafika pamutu, pachitseko panali patalendewera loko watsopano.

Lettie anaima pamsewu atanyamula chikwama ndi ketulo yake. Palibe amene anamutukwana, ndipo mwina zikanakhalako bwino akanamutukwana. Amayi amene dzulo lake ankamutcha "adokotala athu" anangomuyang'ana, kenako n'kuyang'ana kumbali.

Mkulu wa oyenderawo, bambo Lyson Kamwendo, anamupatsa pepala la masamba atatu.

"Mayi, sitikutseka chifukwa chodana nanu," anatero. "Zonse zimene tapeza zili apa. Kulowa kuti mukonze tikulolani, koma wodwala asalowemo. Mukakonza mutiitane. Mukaona kuti zakukanikani, mutibwezere chiphaso."

Ngati mukuwerenga nkhaniyi mutagwa, makamaka ngati munadzigwetsa nokha, khalani pansi mumve. Nkhani za anthu ogwetsedwa ndi adani n'zambiri, ndipo zimakoma kukamba. Iyi ndi ya munthu amene analakwitsadi.

Lettie sanabadwire pofewa. Makolo ake onse anamwalira ali mu Sitandade 6, ndipo anakulira kwa azakhali ake ku Songwe, akugulitsa mpunga kwa madalaivala a mathiraki odikira mapepala pachipata cha malire. Mayeso a Folomu 4 analephera koyamba. Anabwereza, anakhoza, anapita kukaphunzira za chipatala mpaka kupata chiphaso choona odwala payekha. Anagwira ntchito zaka zinayi pa kachipatala kena kufupi ndi mgodi wa Kayelekera. Mgodiwo utaima, anatsikira ku Kaporo n'kutsegula chake: zipinda zitatu, benchi pakhonde ndi chikwangwani cha buluu.

Chinali chipatala cha mabanja. Kunkabwera agogo a BP, ana a chifuwa, ndi abambo odzicheka ndi chikwakwa m'munda wa mpunga. Lettie anali wachangu moti anthu anamupatsa dzina loti Siyenta, potengera tigalimoto tothamanga tija ta pamsewu wa ku Songwe. Usanakhazikike pampando, mankhwala ali kale m'manja mwako. Dzinalo ankalikonda. Analinso ndi lamulo limodzi limene aliyense ankalidziwa: wobwera wopanda buku la kuchipatala abwerere kwawo. Pa nkhani imeneyi pakamwa pake panali pakuthwa, ndipo ankakalipa anthu onse a pabenchi akumva.

Chaka chimene anamutsekera chija, madzi anasefukira mu Malichi. Anatenga mbuzi, mphasa, mbewu, ndi mabuku a kuchipatala a theka la mudzi. Tsono kuno, buku likapita ndi madzi, munthu sakhala pansi kulira. Amabwereka. Mwana amalowa ndi buku la mkulu wake, mayi ndi la mlamu wake. Amabwerekana ngati lichero, ndipo palibe amene amaonapo vuto, chifukwa kwa iwo bukulo ndi tikiti yolowera basi.

Febby, mkazi wa mlimi wa mpunga dzina lake Morton, anabwera ndi mwana wake Ipyana, wa zaka zinayi, akutsokomola komanso atatentha thupi. Buku la Ipyana linali litapita ndi madzi. Patsamba loyamba la buku limenelo panali mawu ofiira amene namwino wina analemba kalekale, oti mwanayu asamwe bakitilimu chifukwa amamuwenga. Febby ankangokumbukira kuti mwanayo anatupapo ali khanda, koma dzina la mankhwala sanalisunge. Poopa kubwezedwa, anatenga buku la Ruth, mkulu wake wa Ipyana.

Tsiku limenelo pabenchi panali anthu oposa makumi anayi. Lettie anatsegula bukulo kumapeto, analemba bakitilimu, n'kuitana wotsatira. Sanayang'ane tsiku lobadwa. Mwanayo sanamuike pasikelo, popeza sikeloyo inali itafa kuyambira Khirisimasi. Funso lake linali limodzi lokha, loti wayamba liti.

Patatha masiku asanu, milomo ya Ipyana inachita matuza, maso anamatana, khungu linayamba kusupuka ngati la mbatata yophika. Anagonekedwa kuchipatala chachikulu kuboma milungu itatu. Anapulumuka, koma mpaka lero diso lake lakumanzere limatuluka misozi padzuwa.

Lettie anapita kukamuona. Papepala la pabedi panalembedwa kuti Ipyana, pomwe iye analemba mankhwala m'buku la Ruth. Pomwepo anazindikira chimene chinachitika. Febby, atakhala pansi pambali pa bedi, anamuyang'ana ndi maso opempha. Panja pa wodi Morton anali kulumbira pamaso pa abale ake kuti amene wamuchita chonchi mwana wake sadzamukhululukira, kaya akhale ndani. Lettie anatuluka, za bukulo osamuuza Morton.

Oyendera aja anabwera chifukwa cha mwanayo, koma atalowa anapeza zambiri. Majakisoni otha ntchito anali m'katoni ya sopo kuseri kwa chitseko. M'fuliji ya mankhwala anapezamo botolo la thobwa ndi nsomba zimene Lettie anagula m'mawa. Mapiritsi ena anali atatha mphamvu chaka chapitacho. Dzenje la zinyalala linali losatchinga, moti ana ankatolamo masirinji n'kumathirana madzi. Zolakwa zonse pamodzi zinakwana makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Musaseke kwambiri, aliyense wa ife ali ndi katoni yake kuseri kwa chitseko.

Mchimwene wake Zebedee, amene ankagwira ntchito yotulutsa katundu wa anthu pachipata cha Songwe ndipo njira zachidule ankazidziwa zonse, anabwera kudzamuona. Lettie anamuuza za buku lija.

"Mdumbu wanga, ukufera mlandu wa eni ake," anatero Zebedee. "Uwauze anthu kuti buku linali lobwereka. Mawa lomwe dzina lako liyera."

"Wobwereka buku ndi iye, achimwene. Koma amene sanafunse ndine. Ndipo mwamuna wake akamva, banja lija latha."

"Sawa. Ndiye uziwaonera kunyumba. Mankhwala ndizikubweretsera ine kuchokera kutsidya ku Tanzania. Adziwa ndani?"

"Mwana wina akasupuka, adziwa onse."

Motero Lettie anabwerera ku Songwe. Dokotala wathunthu anamanga chitenje n'kukhala pamalo pomwe ankakhala ali mtsikana, akuyeza mpunga ndi mbale. Nkhani inali itamutsogolera kale. Madalaivala ena ankati akamadutsa, "Siyenta yaphulika tayala," n'kumaseka. Zinkamupweteka kwambiri. Masiku ena ankapita kuseri kwa matumba kukalira, kenako n'kupukuta nkhope, n'kubwerera pambale yake.

Pepala la masamba atatu lija ankayenda nalo m'chikwama. Mwezi woyamba sankalitsegula n'komwe. Atalimba mtima n'kuliwerenga bwinobwino, anaona chinthu chimene chinamuchititsa manyazi kuposa loko uja: theka la zimene zinalembedwamo sankadziwa kuti zimachitika bwanji. Anaziphunzira kusukulu, inde, koma zaka za liwiro zinali zitazifufuta.

Anakwera basi kupita ku chipatala china cha mishoni kumapiri, kumene kunali namwino wamkulu wochokera ku Thyolo, Sisitala Violet Chikopa. Mayi ameneyu ankadziwika kuti ngakhale madokotala ankawongola makolala akamva nsapato zake. Lettie anamupempha kuti azithandiza ntchito masiku atatu pa mlungu, popanda malipiro, kuti aphunzirenso.

"Za inu ndinamva," anatero Sisitala Violet. "Mwabwera kudzaphunzira kapena kudzadzimvera chisoni? Chisoni kuno tilibe pochiika."

"Kudzaphunzira, a Sisitala."

"Sambani m'manja ndione."

Lettie anasamba, napukuta.

"Apo mwanyowetsa manja. Tsopano sambani."

Umo ndi mmene zinayambira. Munthu amene ankaona odwala makumi anayi dzuwa lisanapendeke anatha mlungu wonse akuphunzira kusamba pakati pa zala. Anatsuka zitsulo za mabala n'kuziphika mumphika wake, akuyang'ana wotchi. Anaphunzira kuti chidebe chilichonse chili ndi zinyalala zake, kuti fuliji imayezedwa kuzizira m'mawa ndi masana n'kulemba, ndiponso kuti mankhwala otsala pang'ono kutha mphamvu amakhala kutsogolo pashelefu. Ana a sukulu ya unamwino ankamukonza zolakwa, iye n'kumathokoza. Masiku otsalawo ankabwerera ku mpunga wake.

Phunziro lalikulu sanalipeze m'chipinda. Analipeza pakhonde, ali ndi tsache m'manja. Munthu wosesa saonedwa, ndipo anthu amalankhula momasuka ngati palibe wina. Mayi wina anali kunong'oneza kamtsikana kake m'Chinkhonde kuti, "Ukalowa, dzina lako ndiwe Carol, wamva? Ukatchula lako atibweza." Atalowa, Sisitala Violet anafunsa dzina monga ankachitira kwa aliyense, mwanayo n'kuyankha bwinobwino kuti Carol.

Lettie anaimika tsache n'kulowa.

"A Sisitala, funso lanu la dzina likumayankhidwira pakhonde. Mwana uyu si Carol. Buku ndi la wina."

Sisitala Violet anavula magalasi. "Ndiye tiwakalipire asiye."

"Ayi. Kukalipako n'kumene kunawaphunzitsa kunama. Kwathu ku Kaporo ndinawaphunzitsa ndine."

Sisitala Violet anakankha mpando n'kunena kuti, "Khalani pansi, adokotala. Fotokozani." Aka kanali koyamba kumutchula choncho.

Kuchokera pamenepo Lettie anaganiza zinthu zimene sizinali papepala la oyendera. Pachipatala chake palibe amene adzabwezedwe chifukwa cha buku. Wodwala aliyense adzakhala ndi khadi lake losungidwa pachipatalapo, m'ndowa zotseka zopachikidwa kudenga, kumene madzi osefukira safika. Amene mankhwala ena amamuwenga adzavala mkanda wofiira padzanja, chifukwa mkanda supita ndi madzi mwini wake n'kutsala. Ndipo funso silidzakhala loti, "Buku ili ndi lanu?" popeza aliyense amavomera. Lidzakhala loti, "Buku ili mwabwereka kwa ndani?" lofunsidwa mofatsa, kwa aliyense, ngati mmene umafunsira mnzako kumene wagula tomato.

Ntchito ya manja anaigwira yekha. Anaumba njerwa n'kumanga ng'anjo yowotchera zinyalala. Dzenje analitchinga ndi nsungwi. Mpunga unagula sikelo yatsopano, kenako kachipangizo koyezera kuzizira m'fuliji, kenako kabati yokhoma ya mankhwala. Nsomba zinasamuka m'fuliji ndipo sizinabwererenso.

Mu Okutobala anaitana oyendera. Bambo Kamwendo anayenda chipinda ndi chipinda akuchonga. Anasuzumira m'ng'anjo, anatsegula fuliji, anawerenga masiku a pamabotolo. Ndowa za kudenga zinawaseketsa, koma atamva ntchito yake anagwedeza mutu n'kulemba kanthu. Mtima wa Lettie unayamba kukhala pansi. Kenako bamboyo anakhala pabenchi n'kuvula wotchi.

"Tiyerekeze kuti mwana amene mwamubaya jakisoni watupa pakhosi, akubanika. Ndipatseni mankhwala ake. Ndayamba kuwerenga."

Mankhwala a mwadzidzidzi analipo, atsopano, osanjidwa bwino. Koma anali m'kabati yokhoma ija, kiyi ali m'chikwama, chikwama chili m'chipinda china. Pofulumira, kiyi anagwa pansi. Pomwe ankatsegula kabati n'kuti patapita mphindi zitatu ndi theka.

"Kabati ndi yokongola, mayi," anatero bambo Kamwendo. "Koma mwana wobanika sadikira kiyi. Tibweranso pakatha miyezi itatu."

Apa ndi pamene ambiri timasiyira. Kugwa koyamba munthu amapirira, chifukwa amadziwa kuti analakwa. Kugwa utayesetsa ndi mtima wonse kumathyola mafupa. Lettie anakhala pansi pasimenti mpaka galimoto inazimiririka. Mawa lake analemba kalata yobweza chiphaso, n'kuiika mu envulopu.

Kalatayo isanapite, panafika kabaza atanyamula Sisitala Violet, ambulera ili m'manja. Anawerenga kalatayo ali chiimire, n'kuipinda, n'kuiika m'thumba la yunifomu yake.

"Koyamba munalephera makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Pano mwalephera chimodzi. Kusukulu kwanu masamu ankaphunzitsa ndani? Bweretsani hamala."

Anakhomera thireyi pakhoma, pamwamba poti mwana sangafike koma dzanja la munthu wamkulu limangotambasuka. Mankhwala onse a mwadzidzidzi anasamukira pamenepo. Anakulunga chitenje kukhala ngati mwana, n'kuchigoneka pabedi, Sisitala Violet n'kugwira wotchi. Atachoka, Lettie anapitiriza yekha m'mawa uliwonse asanapite ku Songwe. Anthu odutsa ankasuzumira pawindo n'kuona mayi akuthamangira chitenje ndi jakisoni, ndipo mbiri inamveka yoti mutu wayamba kusokonekera.

Mu Januwale bambo Kamwendo anavulanso wotchi yawo. Mphindi imodzi sinakwane. Anasaina pepala, anamugwira chanza, n'kuchotsa loko. Potseka paja panali msika wonse. Potsegula panali mbuzi imodzi, nayonso inali ndi zake.

Mungaganize kuti nkhani yathera pamenepa. Ayi ndithu. Chiphaso chimachokera ku ofesi, koma odwala amachokera m'mudzi, ndipo mudzi sunaiwale nkhope ya Ipyana. Mlungu woyamba kunabwera munthu mmodzi, dalaivala wa ku Tanzania wodwala dzino. Amayi ankakwera kabaza kupita kutali, kudutsa pakhomo pake penipeni atayang'ana kutsogolo. Morton ankauza aliyense kudimba ndi kutchalitchi kuti wolowa mmenemo akudzipereka yekha.

Lettie ankatsegulabe nthawi yake. Ankayeza fuliji m'mawa ndi masana n'kulemba. Ankaphika zitsulo zimene sizinakhudze bala la munthu. Zebedee anamuuza kuti asamukire ku Chitipa kumene sakumudziwa. Iye anati adikira mpaka anthu akolole mpunga, ndipo benchi ikakhalabe yopanda munthu, atseka yekha popanda womubweretsera loko.

Kumapeto kwa Malichi mvula inagwa masiku anayi osakata. Mitsinje inadzaza, madzi anadula msewu wa kuboma, ndipo ngakhale akabaza anaimika njinga. Madzi analowa m'chipatala mpaka m'akakolo, koma ndowa za makhadi zinali phee kudenga. M'mawa wa tsiku lachisanu, Lettie akukankha matope ndi tsache, anaona mwamuna akubwera m'madzi ofika m'chiuno atanyamula mwana paphewa, mkazi akutsatira pambuyo. Anali Morton.

Anaima pakhonde madzi akuchucha. Sanapereke moni.

"Kulibe kwina kopita," anatero, maso ali kumbali. "Kukanakhala njira sindikanaponda pano."

"Ndamva, bambo. Lowani naye. Kwerani pasikelo muli naye m'manja, kenako mukwere nokha."

Ipyana anali wotentha ngati mbaula, ndipo anali atasanza kuyambira dzulo lake. Lettie atangolemba kulemera kwake, mwanayo anaumitsa thupi, maso anatembenuka, manja ndi miyendo zinayamba kugwedezeka. Febby anagwa pansi n'kuyamba kuitana Mulungu. Lettie anamugoneka mwanayo cham'mbali, dzanja lake linatambasukira kukhoma, ndipo linapeza chimene linkafuna osayang'ana n'komwe. Panalibe kiyi wofunafuna. Miyezi itatu yothamangira chitenje inagwira ntchito yake, ndipo posakhalitsa thupi la mwanayo linafewa, mpweya n'kubwerera m'malo mwake.

Anamuyeza magazi pachala. Anali malungo.

Febby anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa buku lokulungidwa m'jumbo ya shuga. Lettie analilandira. Mwanayu ankamudziwa, diso lija ankaliona ngakhale kutulo. Akanatha kudumpha funso lake, ndipo mtima unkamuuza kuti alidumphe. Koma anali atalonjeza kuti lidzafunsidwa kwa aliyense, ndipo ankadziwa kuti lamulo ukalidumpha kamodzi chifukwa cha manyazi, mawa ulidumpha chifukwa cha changu. Anafunsa mofatsa, ngati mmene akanafunsira mlendo.

"Amake Ipyana, buku ili mwabwereka kwa ndani?"

Febby anayang'ana bukulo, anayang'ana mwana wake, kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Lero ndi lake, latsopano," anatero. "Tsiku lija linali la Ruth."

Morton anatembenuka. "Ukuti chiyani?"

"Lake linapita ndi madzi. Ndinaopa kubwezedwa, ndinatenga la Ruth. Za mankhwala omuwenga zinali m'buku lotayikalo. Chaka chonse ndakhala nazo pamtima, bambo ake Ruth. Ndatopa nazo."

Morton anakhala pabenchi. Kenako anatembenukira kwa Lettie n'kumufunsa kuti, "Inu munkadziwa?"

"Ndinadziwa tsiku limene ndinabwera kuwodi."

"Ndiye chaka chonse ndakhala ndikukunyozani, inu muli chete? Bwanji simunanene?"

"Chifukwa kufunsa inali ntchito yanga, ndipo sindinafunse. Mayiwa anabwereka buku chifukwa ine ndinkabweza anthu. Mukafuna wokwiyira, musasinthe, ndine ndemwe. Koma panopa ndigwirireni mkono wa mwanayu, ndimubaye."

Morton anaimirira n'kugwira mkono wa mwana wake. Lettie anawerenga tsamba loyamba la bukulo mokweza, anawauza dzina la mankhwala amene akubaya ndi chifukwa chake, n'kubaya. Atamaliza anatsitsa ndowa imodzi kudenga, analemba khadi la Ipyana, n'kutenga mkanda wofiira woyamba pa mikanda yonse imene inali isanapeze mwini. Anaumanga padzanja la mwanayo.

"Uwu usachoke. Kulikonse kumene angapite, kaya buku lilipo kaya latayika, wachipatala akafunsa za mkandawu muzimuuza kuti bakitilimu ayi."

Madzi ataphwera tsiku lotsatira, Lettie analemba kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu kuti mwanayo akamalize chithandizo. Ipyana anali atayamba kale kupempha phala. Pochoka, Morton anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Anangonena liwu limodzi la Chinkhonde lothokoza.

"Ndagha, adokotala."

Anatsika pakhonde, n'kutenga thumba limene mkazi wake ananyamula, n'kuliika paphewa pake.

Munthu amene anatseka chipatala chija ndi pakamwa pake ndi yemweyo amene anachitsegula. Morton anakamba kudimba, anakamba kutchalitchi, anakamba ndi pamaliro pomwe. Za buku sankazitchula, ndipo Febby ndi amene ankaziulula yekha kwa amayi anzake pamjigo. Mlungu wotsatira kunabwera mayi wina n'kuima pakhomo mwamantha, n'kunena kuti alibe buku. Anapatsidwa mpando. Pofika nthawi yokolola mpunga, benchi inali itachepa, Zebedee n'kubweretsa ina kuchokera ku Songwe, akudandaula njira yonse kuti ndi yolemera.

Lero mukapita ku Kaporo mukapeza ndowa zisanu ndi imodzi kudenga, ndi ana angapo ndi agogo ovala mikanda yofiira. Funso lija lagwira mabuku obwereka osawerengeka, ndipo anthu amayankha akuseka, "La apongozi, adokotala." Bambo Kamwendo akamayendera zipatala zina zing'onozing'ono amauza eni ake kuti akaone thireyi ya pakhoma ku Kaporo. Dzina la Siyenta linafa. Masiku ano amamutcha Ngolo, chifukwa amati ukalowa mmenemo uyezedwa, ufunsidwa, ufotokozeredwa, mpaka udandaule kuti mpunga ukudyedwa ndi mbalame kumunda. Dzinali amalikonda kuposa loyamba lija.

Ipyana ali pasukulu tsopano. Diso lake limatulukabe misozi padzuwa, ndipo Lettie akakumana naye pamsewu mtima umamupwetekabe. Sayesa kuiwala. Amati tsiku limene adzaiwale diso limenelo ndi limene adzayambenso kuthamanga.

Tsono inu amene mwatsekeredwa chitseko chifukwa cha kulakwa kwanu, ndikulankhula ndi inu. Mwina muli ndi pepala lanu la masamba atatu limene mukuopa kulitsegula. Litseguleni. Musafunefune Febby woti mumukankhire mlandu, ndipo musalowere kuseri. Pitani kwa amene akudziwa, ngakhale akuyambitseni pa kusamba m'manja. Akakubwezani kachiwiri chifukwa cha kiyi, tengani hamala. Benchi ikakhala yopanda munthu, tsegulanibe nthawi yake, chifukwa simudziwa tsiku limene madzi adzabweretse pakhomo panu munthu yemwe uja munamulakwira, atanyamula mwana paphewa. Tsiku limenelo lidzakupezeni muli okonzeka.

Osataya mtima. Loko amachoka.